Tsiku loyenda ndi wotsogolera m'nkhalango ya Fontainebleau kuchokera ku Barbizon: nyenyezi 4 pa 5

Ndapereka nyenyezi 4. Yachisanu ndaibweza chifukwa cha mawu amene wotsogolera wathu analemba pa tsamba lawo la pa intaneti, akuti ulendowu ndi wosavuta ndipo aliyense angauthe. Zimenezo si zoona, ndipo zinatipweteketsa. Koma zabwino n'zimene zinachuluka, choncho ndiyambira kumeneko.

Tinapita kumayambiriro kwa Seputembala, ine ndi achemwali anga amene amagwira ntchito ku Paris. Ndinali kwawo kocheza, ndipo tsiku lina anati phokoso la m'tauni lawakola, akufuna akapume mpweya wa kutchire. Tinalipiriratu kwa bambo wina amene amayenda ndi timagulu ting'onoting'ono m'nkhalango ya Fontainebleau, kuyambira m'mudzi wa Barbizon. Mtengo wake unali wokwererako, koma unaphatikiza kudzatitenga pa siteshoni, kuyenda nafe tsiku lonse ndi kamba wa masana.

Barbizon ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumwera kwa Paris, ndipo sitima sifikako. Ife tinakwera ya mzere R pa siteshoni ya Gare de Lyon ku Paris n'kutsikira pa Fontainebleau-Avon patatha mphindi pafupifupi 40. Bambowo tinawapeza atafika kale, galimoto yoyera bwino, moni wake waulemu. Pa kusunga nthawi ndilibe nawo chifukwa.

Mudziwo ndi waung'ono. Pali msewu umodzi waukulu, Grande Rue, wa nyumba za miyala mbali zonse ziwiri, ndipo ukautsata mpaka kumapeto umangozindikira kuti walowa m'nkhalango. Tisanalowe anatiimika pa Auberge Ganne, nyumba ya alendo kumene ankagona akatswiri ojambula zithunzi, imene pano anthu amapita kukaona ntchito zawo. Anatiuza za Jean-François Millet, amene anakhala m'mudzimu kuyambira 1849 mpaka imfa yake mu 1875, ndi mnzake Théodore Rousseau. Polowera m'nkhalango pali thanthwe limene anamatapo nkhope za awiriwa mu 1884. Ine za zojambulajambula sindizitsata kwenikweni, koma chinandigwira mtima n'chakuti Rousseau anali m'gulu la amene anadandaula kwa akuluakulu a boma za kugwetsa mitengo yakale, mpaka mu 1861, nthawi ya Napoleon III, lamulo linapatula mahekitala oposa 1,000 kuti nkhwangwa isawakhudze. Ukamva nkhani imeneyi uli chiimire pansi pa mtengo wa thundu umene anthu atatu sangaukumbatire, imalowa mosiyana ndi kuiwerenga.

Pamene ndalama yanga ndinaiona kuti yagwira ntchito ndi pa zizindikiro za njira. Nkhalangoyi ili ndi timizere ta penti pa miyala ndi pa mitengo, ndipo mlendo angaganize kuti tonse tikunena chinthu chimodzi. Bambowo anakhala nafe pansi mphindi zingapo n'kutiphunzitsa. Kamzere ka buluu ndi ka njira za Denecourt. Claude-François Denecourt anali msilikali wa Napoleon, ndipo kuyambira 1842 anayamba kulambula tinjira pakati pa matanthwe n'kumaika mivi ya buluu kuti alendo asasochere. Atamwalira mu 1875, Charles Colinet anapitiriza ntchitoyo. Kamzere koyera pamwamba pa kofiira ndi ka njira zazitali zimene amazitcha GR, zoyenda masiku ambiri. Ndiye pali mivi ing'onoing'ono yokhala ndi manambala, yamitundumitundu, buluu ali momwemo. Imeneyo si ya oyenda pansi, ndi ya okwera miyala, aja amabereka matilesi kumsana n'kukawayala pansi pa thanthwe kuti akagwa agwere pofewa. Muvi wotero umaloza m'mwamba, pamwamba pa mwala. Munthu wosauzidwa akhoza kuutsata akuganiza kuti ndi njira. Bambowo atatha kufotokoza anatiuza kuti titsogole ife, iwo n'kumabwera pambuyo, ndipo tikaphonya chizindikiro ankangoima chete mpaka titabwerera n'kuchipeza tokha. Kaphunzitsidwe kameneka ndinakakonda kwambiri.

Tinatsata njira ya Denecourt ya nambala 6, ya ku Gorges d'Apremont. Malo ake ndi odabwitsa. Matanthwe aimvi ali mbwee, ena osanjikizana, ena okhala ngati nyama zogona, ndipo pakati pake pamera mapaini ndi timaluwa tofiirira timene nyengo imeneyo tinali titachita maluwa ponseponse. Pansi ndi mchenga woyera mbuu, wosalala ngati ufa woyera. Bambowo anatapa pang'ono n'kundithira m'manja, nati kuno kunali nyanja zaka pafupifupi 30 miliyoni zapitazo, ndipo mchenga wa dera lino amaukonda opanga magalasi chifukwa ndi wopanda zosakaniza zambiri. Anationetsanso milu ya zibenthu za miyala imene anasiya aja ankasema miyala yoyala m'misewu ya Paris. Tikanakhala tokha tikanangodutsa osadziwa kuti tikuponda chiyani.

Pa phanga lotchedwa Caverne des Brigands, kutanthauza phanga la achifwamba, ndinawalemekeza chifukwa sanatinamize. Akanatha kutipekera nkhani ya zigawenga zobisala, koma anati dzinalo linali lokopera alendo, ndipo phangalo analikonza ndi Denecourt yemweyo. M'kati ndi mwamdima ndiponso motsika, muyenera kuwerama.

Tsopano dandaulo langa. Achemwali anga ali ndi vuto la bondo, ndipo tisanalipire tinalemba uthenga kufunsa ngati angakwanitse. Yankho linali lakuti palibe vuto, kulibe mapiri. N'zoona kuti kulibe mapiri. Amene munakwerapo Mulanje mukaseka, poti palibe malo m'nkhalangoyi ofika ngakhale mamita 200. Koma njira za Denecourt sizilambalala miyala, zimadutsa pakati pake dala. Ukwere, utsike, upanikizike pa mpata, ukhale pansi kuti utsetsereke, kenako mapazi azimira mumchenga. Kwa bondo lodwala, kutsika kotereku n'koipa kuposa chitunda chachitali. Itakwana nthawi ya masana achemwali anali akutsimphina, nkhope itasintha. Ndinati, “Achemwali, tsamirani pa phewa langa, tisathamangire anthu.” Iwo anangoti, “Mng'ono wanga, ndikanadziwa ndikanatsala kumudzi kuja.” Zinandiwawa, chifukwa ulendowu anaufuna ndi iwo.

Bambowo ataona zimenezi anachita bwino. Anawabwereketsa ndodo zawo ziwiri zoyendera, n'kusintha njira kuti tibwerere kudzera m'misewu yoongoka ya m'nkhalango, imene ndi yafulati. Anapepesanso. Komabe funso tinafunsa nthawi isanathe, ndipo yankho loona likanatithandiza kusankha njira ina kuchokera m'mawa.

Chachiwiri ndi madzi. Pa mndandanda wa zoti titenge analemba nsapato zolimba ndi chipewa, za madzi osatchula. Ife tinaganiza kuti ali m'gulu la kamba. Anatipatsa kabotolo kamodzi aliyense. Nkhalango imeneyi ndi youma, mchenga umameza madzi onse, ndipo tsiku lonse sitinaone mtsinje kapena mpopi. Dzuwa likawomba pa matanthwe paja kumatentha ngati pa chiwaya. Tengani malita 2 munthu mmodzi. Kamba anali buledi wautali uja, tchizi, nyama yozizira ndi maapozi. Wokoma ndithu, koma wochepa kwa munthu amene wayenda maola anayi.

Pa chitetezo anali osamala. Tisananyamuke anatiuza tilowetse mathalauza m'masokosi chifukwa cha nkhupakupa, zimene kumeneko zimatha kupatsira matenda a Lyme, ndipo anati madzulo tikadzifufuze thupi lonse. Ndinaipezadi imodzi ikuyenda pa mwendo isanalume. Anationetsa pamene nguluwe zinafukula usiku, dothi lili gwirigwiri ngati palimidwa, koma nyamazo sitinazione. Anakumbutsa mnyamata wina wa m'gulu lathu kuti fodya ndi moto n'zoletsedwa m'nkhalangomo, ndipo anamuuza mwaulemu koma mosanyengerera. Anatinso amene angabwere m'miyezi yozizira aziyamba wafufuza masiku a ulenje, chifukwa mbali zina amazitseka.

Chifalansa changa n'chochepa, ndipo bambowo ankafotokoza kawiri, m'Chifalansa ndi m'Chingerezi, osaonetsa kutopa. Gulu linali la anthu 7, kotero aliyense ankamva bwino ndi kufunsa.

Kodi ndingalimbikitse ena kulipira? Inde, kamodzi, ngati ndi ulendo wanu woyamba ndipo miyendo yanu ili bwino. Ngati muli ndi okalamba, ana aang'ono kapena wina wovutika mawondo, musakhutire ndi mawu akuti n'kosavuta. Funsani mwachindunji ngati njirayo ndi ya buluu yodutsa m'matanthwe kapena ndi msewu wafulati.

Loweruka lotsatira tinabwererako tokha. Ndinagula mapu a IGN, bungwe lojambula mapu la dziko la France, a nambala 2417 OT, amene bambowo anatilangiza, ndipo mphambano iliyonse imene tinafika inalimo ndi dzina lake. Achemwali anayenda pang'onopang'ono mu msewu wafulati wochokera ku Barbizon, n'kukhala pa mthunzi ndi buku lawo, ine n'kuzungulira kachigawo ka njira ya buluu kwa ola limodzi osasochera. Bambowo ndinawalembera kuwathokoza ndi kuwapempha kuti akonze mawu aja pa tsamba lawo, awonjezerenso za madzi. Akakonza ndidzabwera kudzaika nyenyezi yachisanu.