Bokosi la ma DVD a Audrey Hepburn, nyenyezi 4 pa 5

Ndinagula bokosili mwezi watha chifukwa cha mayi anga, iwo Audrey amamukonda kuyambira ali mtsikana koma tepi ya vidiyo yomwe ankaonera inatha kalekale. Muli ma disiki asanu, Roman Holiday, Sabrina, Funny Face, Breakfast at Tiffany's ndi My Fair Lady, komanso kachigawo kakafupi kofotokoza moyo wake.

Zithunzi zikuoneka bwino kwabasi, simunganene kuti ndi za zaka zoposa 60 zapitazo. Roman Holiday ya 1953 ija ilibe kala, ndiye ana poyamba amati ndi zachikale izi, koma pofika pomwe Audrey, yemwe akusewera ngati mwana wa mfumu, wathawa kunyumba, wakametetsa tsitsi lake lalitali n'kumazungulira mu Rome pa njinga yamoto ndi Gregory Peck, onse anali duu pa mpando mpaka filimu kutha. Mpake kuti Audrey anapata nayo mphoto ya mafilimu ya Oscar ali ndi zaka 24 zokha, nkhope yake imalankhula asanatsegule pakamwa. Ifeyo tayionera kale katatu.

Chomwe chandiwawa ndi kachigawo ka moyo wake kaja. Akutaya nthawi yambiri pa madiresi a Givenchy, katswiri wokonza zovala wa ku France, pomwe za njala yomwe anaiona ali mtsikana ku Netherlands nthawi ya nkhondo, chisanu cha 1944, angozikhudza pang'ono basi. Chonsecho ndi njala imeneyo yomwe inamupangitsa kuti atakula adzipereke ku ntchito ya UNICEF, anapita ku Ethiopia mu 1988, ku Somalia mu 1992 atatsala miyezi yochepa kuti amwalire ndi khansa mu January 1993 ku Switzerland, ali ndi zaka 63. Munthu yemwe analandirako yekha chakudya cha chithandizo n'kudzanyamula ana anjala m'manja mwake, nkhani yotere siyoti muikambe mphindi ziwiri ayi, mayi anga mpaka anafunsa kuti yathera pomwepa?

Mukamaonera My Fair Lady dziwani kuti nyimbo zambiri mawu ake si a Audrey, anaimba ndi Marni Nixon, komabe kasewero kake ndi kabwino. Vuto ndi lakuti disiki yathuyi inabwera yokalika, ikumaima pakati penipeni ngakhale ndaipukuta kangapo n'kuyesanso pa makina ena. Ogulitsa ndawalembera, ayankha mwaulemu kuti atumiza ina sabata ya mawa, ikafika ili bwino ndibwera ndidzaonjezere nyenyezi yotsalayo.