Kusikana zojambula pa shopu ina ya pa Kamuzu Road

Mwezi wathawu ndinapita ndi zojambula zanga 6 za asodzi a ku Senga Bay ku shopu ina ya fotokope pa Kamuzu Road ku Salima kuti akazisikane, kutanthauza kuzijambula ndi makina n'kuzilowetsa mu kompyuta. Za inki zinatuluka bwino kwambiri, chifukwa mnyamata wa pamakinawo anayamba wapukuta galasi, kenako anaika makinawo pa 600 dpi (muyeso wa kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi), moti ngakhale timizere ta ukonde tinaoneka bwinobwino pa kompyuta.

Vuto linali pa za pensulo. Poyamba anazisikana ngati kalata, zakuda ndi zoyera basi, ndipo mthunzi wonse umene ndinaupaka ndi chala pansi pa bwato unazimiririka. Nditamupempha kuti asankhe grayscale (imene imagwira ndi zotuwa zomwe) ndi kusunga fayilo mu mtundu wa PNG osati wa JPEG, poti JPEG imasiya timadontho m'mbali mwa mizere, anavomera mosanyinyirika, ngakhale kuti anthu odzapangitsa fotokope ya ziphaso anali atayamba kale kung'ung'udza kumbuyo kwanga.

Makina awo ndi a A4, choncho pepala la A3 analisikana mbali ziwiri, ine n'kukalumikiza ndekha kunyumba. Mukamapita, mutenge flash yanu, pakuti WhatsApp imachepetsa chithunzi ngati simunachitumize monga document.