Thandizo la alangizi a ziweto usiku umene msoti wanga unaswa

Ndine mlimi watsopano wa ng'ombe za mkaka ku Thyolo, ndipo ndikulemba za thandizo limene alangizi a ziweto a m'dera lathu anandipatsa pamene msoti wanga, wamtundu wa Friesian wosakanizidwa ndi ng'ombe yachikuda, unkaswa koyamba. Alangiziwa ndi omwe anaubereketsa ndi umuna wa m'botolo, ndipo tsiku lomwelo anandiuza kuti ndilembe detilo m'kope ndi kuwerenga masiku pafupifupi 283. Chifukwa cha malangizo amenewo, bere litayamba kutupa ndi minofu ya m'mbali mwa mchira itayamba kufewa, ndinali nditasesa kale khola ndi kuyalamo udzu wouma.

Dandaulo langa ndi limodzi, koma si laling'ono. Thumba lamadzi litasweka cha m'ma 11 koloko usiku, foni yawo inali yozima, ndipo inapezeka patapita ola lathunthu. Munthu amene alimi ambiri amamudalira usiku sayenera kusowa chonchi, ngakhale ndikudziwa kuti magetsi kwathu kuno amavuta. Pa nthawi imeneyo anansi anali atadzaza kukhola, ndipo amalume anga, amene anaweta ng'ombe zachikuda moyo wawo wonse, anali atatenga kale chingwe cha mtolo wa nkhuni kuti anyamata anayi akoke miyendo imene inali itangoonekera.

Alangiziwo atafika pa njinga yamoto, choyamba chimene anachita ndi kulanda chingwecho mwaulemu, nati, "Pepani amalume, tiyambe taona mmene thole lagonera." Anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'mapewa, anatsuka ng'ombeyo kumbuyo, kenaka anandiitana kuti ndiwalitse tochi pa ziboda. Anandionetsa kuti ziboda zonse ziwiri zinayang'ana pansi ndipo mphuno inali pamwamba pake, kusonyeza kuti tholelo likubwera ndi kutsogolo monga mwa chilengedwe. Zikadayang'ana kumwamba, akadakayikira kuti latsogoza miyendo yakumbuyo. Tinadikira kwa mphindi pafupifupi 20, zimene kwa ine zinali ngati usiku wonse. Ataona kuti msoti watopa, anamanga zingwe zawo zoyera pamwamba pa mfundo za miyendo, ndipo tinakoka anthu awiri okha, mwendo umodzi kenaka unzake, molozetsa pansi, komanso pokhapokha ng'ombeyo ikamakankha.

Thole litagwa pa udzu silinapume msanga. Anachotsa mamina kukamwa ndi zala, analowetsa kaudzu m'mphuno mpaka linayetsemula, ndipo anathira ayodini pamchombo. Sanachoke mpaka litayamwa mkaka woyamba wachikasu uja, umene anati ndiwo chitetezo cha thole ku matenda, ndipo mphamvu yake imalowa bwino m'thupi m'maola oyambirira okha. Anandiletsanso kukoka nsengwa kapena kumangirira mwala monga ena amachitira, ndipo anati ndiwaitane ngati siinagwe pofika maola 12.

Ndinawalipira ndalama ya mafuta a njinga ndi ya mankhwala okha, ndipo sanandiumirize kugula china chilichonse. Mlimi aliyense woyamba kumene ndingamulimbikitse kuwaitana, koma apemphe nambala yachiwiri ya foni masiku asanakwane. Nsengwa inagwa yokha mbandakucha, amalume ali mtulo pa mpando pafupi ndi khola.