Penti wa Mafuta kapena wa Akiriliki: Wojambula Atenge Uti?

Wojambula akakhala m'chipinda chake burashi ili m'manja, chimene chimamulamulira kwambiri ndi nthawi imene penti amatenga kuti aume. Apa m'pamene penti wa mafuta ndi wa akiriliki amasiyanira.

Wa akiriliki amasungunulidwa ndi madzi ndipo amauma m'mphindi zochepa. Ukangocheza pang'ono, burashi yauma gwa, ndipo madzi sathanso kuifewetsa. Ndi penti wadzulodzulo, anayamba kufala m'zaka za m'ma 1950, ndipo David Hockney, wojambula wa ku England, anajambula naye maiwe osambiramo a ku California m'ma 1960. Amakomera munthu wachangu, wofuna kupaka mtundu pamwamba pa unzake tsiku lomwelo. Kungoti akauma amaderako pang'ono.

Wa mafuta, amene wojambula Jan van Eyck wa ku Flanders (m'dziko la Belgium lero) anatchuka naye m'zaka za m'ma 1400, amasakanizidwa ndi mafuta a linseed, ofinyidwa ku njere za chomera cha fulakesi. Pamatha masiku asanaume, mwinanso miyezi ngati wapakidwa mochindikala. Kuchedwako ndiye kukoma kwake. Tsaya la munthu ukhoza kuliyamba lero, mawa n'kubwerako kudzasalaza mthunzi wa pansi pa diso penti akadali wofewa. Koma ali ndi lamulo lake: popaka koyamba mafuta achepe, aziwonjezeka m'zigawo zapamwamba, apo ayi chithunzi chimadzang'aluka. Fungo la turpentine wotsukira maburashi nalonso silichedwa kuwawitsa mutu.

Pojambula nkhope ine ndingatenge wa mafuta, bola chipindacho chikhale ndi mawindo otsegula.