Dikishonale ya Oxford ndi yolemera, koma ndalama yanga sinapite pachabe

Makolo anzanga amene muli ndi ana ku sekondale, timadikishonale ta m'thumba togula pamsika tija tisiyeni. Kamene ndinamugulira mtsikana wanga wa Fomu 3 kanangolemba kuti "run" ndi kuthamanga, basi. Atakumana ndi chiganizo chakuti "she runs a small shop" anasowa pogwira. Mayi angathamange bwanji ndi golosale?

Ndiye ndinalimba mtima n'kugula Oxford Advanced Learner's Dictionary yogwiritsidwapo kale ntchito, chikuto chake chomata ndi selotepi. Bukuli linayamba kutuluka mu 1948, ndipo analilembera anthu ngati ife, amene Chingerezi tinachipeza kusukulu.

Tinatsegula pa "run" pomwepo. Matanthauzo ake anawaika m'magulu, gulu lililonse ndi kamutu kake, moti suchita kuwerenga zonse kuti upeze chimene ukufuna. Kuyendetsa bizinesi kulipo. Injini ikamalira akuti "the engine is running", madzi akamatuluka pampopi liwu ndi lomwelo, mwana akamatuluka mamina akuti "his nose is running", ngakhalenso munthu wopikisana nawo pachisankho akuti "running for president". Tanthauzo lililonse lili ndi chiganizo chachitsanzo, ndipo chimene chimamuthandiza mwana ndi chimenechi, chifukwa amaona liwulo lili pa ntchito.

Kumunsi kwake kuli mawu ophatikiza amene amagwetsa ana pamayeso a MSCE: "run out of" ndi kutheredwa chinthu, "run into" ndi kukumana ndi munthu mwadzidzidzi, "run over" ndi kugunda munthu ndi galimoto. Ndipotu awa ndi ochepa chabe. Dikishonale ina yaikulu kwambiri, Oxford English Dictionary, inawerenga matanthauzo 645 a mneni yekhayu.

Dziwiranitu kuti mulibe Chichewa m'menemu. Imafotokoza Chingerezi m'Chingerezi chosavuta, choncho mwana wa ku pulayimale ingamulemetse mutu. Zilembo ndi zing'onozing'ono, ine ndimafuna magalasi, ndipo m'chikwama cha kusukulu ndi katundu ndithu. Yathu imakhala pathebulo kunyumba.

Ngati thumba silikulola, tsamba lawo la pa intaneti ndi laulere, ndipo limatchula mawu mokweza m'kalankhulidwe ka ku Britain ndi ka ku America. Koma pamenepo pafunika bandulo, komanso foni imene mwana sangalowe nayo pa WhatsApp inu mutatembenuka.