Sipika ya matayala pa ntchito za parishi: zimene imatha ndi zimene zimaipha

Nthambi ya parishi ikasonkhako kandalama masiku ano, maso amathamangira ku sipika ija ya matayala awiri, yokhala ndi chogwirira chokoka ngati chikwama cha paulendo. Imabwera ndi batire lake mkati, maiki imodzi kapena ziwiri zopanda waya, polowetsa fulashi, ndi Bluetooth. M'masitolo a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu yadzaza ndipo maina ake ndi ambirimbiri, koma mukamasula kumbuyo zamkati zimafanana kwambiri. Choncho pano tikuunika mtundu wonsewo, makamaka ya mainchesi 12 ndi ya mainchesi 15 (kukula kwa sipika yozungulira ya kutsogolo), imene makomiti a matchalitchi amakonda kugula.

Chigamulo chathu tichinene msanga. Pa mawu olankhula panja, monga pa maliro, pa Njira ya Mtanda kapena pa mapemphero a Lamulungu otsogoleredwa ndi akatekisiti pansi pa mtengo, chipangizochi chimabweza ndalama zake. Pa kwaya ndi kiyibodi chimangoyesako. Ndipo zambiri zimene zaunjikidwa m'nyumba za akuluampingo kuti "zinapsa" sizinapse konse, linafa ndi batire basi.

Manambala a pa katoni asakubeni mtima. Mudzaona 3000W kapena 5000W zolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, pambali pake timalemba ta PMPO, totanthauza mphamvu ya kamphindi chabe imene opanga amakokomeza. Werengerani nokha: batire lofala m'masipika amenewa ndi la 12V 7Ah, ndiye kuti mphamvu yonse imene limasunga ndi 12 kuchulukitsa ndi 7, yomwe ndi 84Wh (mawati 84 kwa ola limodzi). Sipika ikanakhala kuti imadyadi 3000W, batirelo likanauma mphindi ziwiri zisanakwane. Mphamvu yeniyeni, yolembedwa kuti RMS ngati ailemba n'komwe, kawirikawiri imakhala pakati pa 30W ndi 60W. Imeneyo ndi yokwanira kuti gulu la pa siwa limve ulaliki bwinobwino, bola sipikayo iikidwe pamalo oyenera. Wogulitsa akayamba kutamanda mawati, inu mufunseni za batire: ndi la ma Ah angati, la mtovu kapena la lithium, ndipo likafa limapezeka kuti?

Batire la mtovu lili ndi khalidwe limene anthu ambiri salidziwa. Silifuna kuphwetsedwa mpaka sipika kuzima yokha, ndipo limadana kwambiri ndi kugona lopanda moto. Likakhala choncho masabata angapo, mbale za mkati mwake zimachita chikanga cholimba chimene tchaja singachisungunulenso. Zotsatira zake n'zodziwika: kanyale kamaonetsa kuti ladzaza patangotha mphindi makumi awiri, koma Misa isanafike pa Mthenga Wabwino mawu ayamba kusasa. Mmene zimachitikira m'nthambi zambiri n'chimodzimodzi. Sipika yagwira ntchito usiku wonse pa maliro Lachiwiri, yabwezedwa Lachitatu anthu atatopa, yatsekeredwa mu sakristiya, ndipo wina adzaikumbukira Loweruka la sabata yotsatira. Kuchita zimenezi kanayi kapena kasanu, batire lapita.

Lamulo ndi lakuti sipika itchajidwe tsiku lomwelo imene yagwira ntchito, ngakhale itangogwira ola limodzi, ndipo ikakhala osagwiritsidwa ntchito itchajidwe kamodzi pa mwezi. Kudzaza batire la 7Ah kumatenga maola 6 mpaka 8. Amene ali ndi kamita koyezera magetsi ayeze batire litapuma maola angapo: 12.7V ndiye lodzaza, 12.2V lili pakati, ndipo apo ndi poyenera kulekera. Mukamaligwiritsa ntchito theka lokha chotere muli ndi 42Wh. Kulankhula kokha kumadya pafupifupi 10W, ndiye maola anayi. Nyimbo zokweza zokhala ndi besi zimadya kawiri kapena katatu kuposa apo. Tinyale tothwanima tozungulira sipika nato timadya nawo, ndipo m'tchalitchi tilibe ntchito ina koma kucheutsa ana a Tilitonse. Funani ya batani lozimitsira tinyaleto, chifukwa zina zilibe.

Mayeso enieni ndi Sabata Loyera. Njira ya Mtanda ya Lachisanu Loyera ili ndi malo 14, ndipo anthu akamayenda mtunda ikhoza kutenga maola awiri kapena atatu. Mawa lake usiku mwambo wa Pasaka umayambira panja pa moto, kenaka mawerengo ambiri, ubatizo, Misa yonse. Batire limodzi la 7Ah silingasenze zonsezi popanda kutchajidwa pakati. Vuto n'lakuti Lenti imagwa nthawi ya dzinja, pamene mitambo imafooketsa sola ndipo magetsi amathimathima. Apa m'pamene timabowo tiwiri ta kumbuyo, kofiira ndi kakuda, tolembedwa DC 12V IN, timapulumutsa. Mukhoza kulumikizapo batire la galimoto kapena la sola ya panyumba, sipika n'kugwira tsiku lonse. Chofiira ku chofiira, chakuda ku chakuda. Mukasemphanitsa, mwamwayi imapsa fyuzi yokha, mopanda mwayi ampulifaya yonse. Sipika yopanda timabowo timeneti musagulire nthambi ya kumudzi.

Za sola pali cholakwa chimodzi chofala: kulumikiza panelo molunjika ku batire. Panelo yotchedwa ya 12V imatulutsa mpaka 21V kapena 22V dzuwa likaswa mtengo, ndipo batire lotsekedwa likamwa moto wotere limatentha, kufufuma, n'kutha ntchito. Pakati pafunika kontirola, kachipangizo koongolera moto wolowa m'batire. Panelo ya 20W kapena 30W ndi kontirola yaing'ono zimadzaza batire la 7Ah pa tsiku limodzi la dzuwa labwino. Chimodzimodzi tchaja: yoyambirira ikatayika, musangotola ya laputopu chifukwa choti mutu wake walowa. Zambiri za laputopu ndi za 19V, pamene masipika ambiri a mtundu uwu amafuna 15V. Werengani zolembedwa pafupi ndi kabowo.

Nkhani yabwino ndi yakuti batire limasinthika. La 12V 7Ah ndi lomwe lija la mu UPS, kabokosi kosungira kompyuta moto magetsi akathima, ndipo mmisiri wa mawailesi amalisintha pomasula zomangira zochepa chabe. Pogula latsopano linyamuleni m'manja: lenileni limalemera makilogalamu awiri kapena kupitirirako pang'ono, ndipo lopepuka kwambiri ndiye kuti mtovu wake ndi wochepa ngakhale palembedwe 7Ah. Masipika a lithium ndi opepuka ndipo sakwiya msanga akasiyidwa osatchaja, koma batire lake likafa kupeza lofanana nalo n'kovutirapo.

Maiki zobwera m'katoni ndiye mbali yofooka. Zimadya mabatire awiri a AA, ndipo mabatire otchipa a pa okala amafooka ulaliki uli mkati. Mawu amayamba kudukaduka, anthu n'kumayesa kuti sipika yaonongeka. Gulani a alkaline kapena otchaja, ndipo awiri apadera azikhala m'thumba la wosunga sipika. Mukamaliza achotseni, chifukwa akatsalira mkati amatulutsa madzi amene amadya tizitsulo. Mtunda umene maiki imagwira modalirika ndi mamita 15 mpaka 20 popanda chotchinga, ndipo khamu la anthu nalonso ndi chotchinga. Maiki zoyendera mafunde a UHF zimapirira bwino kuposa za mafunde a VHF. Chinanso: masipika awiri a mtundu umodzi nthawi zambiri maiki zawo zimakhala pa mafunde amodzi, ndiye nthambi ziwiri zikabweretsa zawo pa mdipiti wa Ukaristia, maiki ziwiri zikayatsidwa pamodzi kumangomveka phokoso. Yesani dzulo lake.

Ndalama yowonjezera yoyamba ipite ku maiki ya waya yabwino ndi waya wa mamita 10. Siifuna batire, siiduka mawu, ndipo pa guwa la Mawu ndi imene iyenera kukhala. Yopanda waya isungidwire oyendayenda. Wansembe kapena mkulu wa mpingo akamachoka pa guwa kupita kukamva munthu payekha, wina aonetsetse kuti maiki yazimitsidwa. Nkhani ya mu mtima wa mkhristu ikatulukira pa sipika siibwereranso.

Mluzu uja woboola m'makutu uli ndi chifukwa chimodzi: maiki ikumva mawu a sipika yomwe n'kuwabweza, mozungulira. Mankhwala ake ndi malo. Sipika ikhale kutsogolo kwa wolankhula, itapenya kwa anthu, osati kumbuyo kwake. Chopotokola cha ECHO chibwerere pa ziro. Chinapangidwira oimba, ndipo pa mawerengo chimasandutsa mawu phala, makamaka m'tchalitchi cha malata chopanda siling'i ndi pansi pa simenti, mmene mawu amabwerera kale okha. BASS itsike pang'ono, TREBLE ikhale pakati. Wowerenga agwire maiki pa thunthu, zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pakamwa. Kufumbata mutu wa maiki kumaitana mluzu, ndipo kuigwira kunsonga ya pansi kumatseka mlongoti wa maiki zambiri zopanda waya. Owerenga ambiri amaiika pa chifuwa chifukwa cha manyazi, woyendetsa n'kukweza voliyumu, mluzu n'kuyamba. Mphindi khumi zophunzitsa owerenga Loweruka zimathandiza kuposa kugula sipika yaikulu.

Matayala aja amanyenga anthu kuti sipika izikhala pansi. Ikakhala pansi mawu amathera m'miyendo ya a mzere woyamba, akutsogolo akugontha pamene akumbuyo sakumva kanthu. Pansi pa masipika ambiri pali bowo la mamilimita 35 lolowetsa mtengo wake wa miyendo itatu. Ikwezeni ipitirire mitu ya anthu, pafupifupi mamita awiri. Mtengowo ukasowa, tebulo lolimba likwanira. Matayalawo ndi apulasitiki, oyenera pa simenti. Pa msewu wafumbi amathyoka, ndipo kugwedezeka kumamasula mawaya a batire mkati. Sipika ikangozima mwadzidzidzi mutayenda nayo pa kabaza, yambani mwayang'ana pamenepo. Poinyamula pa njinga yalani bulangete, mangani ndi mphira, ndipo nthawi ya mvula ivekeni pepala lapulasitiki.

Ya 12 kapena ya 15? Pa ntchito za mpingo ife tingasankhe ya 12. Mawu a munthu safuna sipika yaikulu, ndipo ya 15 ndi yolemera moti pa mdipiti imafuna anyamata awiri osinthana kapena wilibala. Ubwino wake ndi besi, imene imathanso batire msanga. Pa Njira ya Mtanda ya mtunda wautali, chimkuzamawu cha m'manja chija chokhala ngati lipenga chimaponya mawu patali kuposa zonsezi, ngakhale kuti nyimbo zimamveka ngati za m'chitini.

Kwaya isayembekezere zambiri. Maiki ziwiri sizingatole anthu makumi atatu. Zimangokweza awiri amene ali pafupi, ndipo kawirikawiri ndi aja okonda kutsogola. Kiyibodi ilowe pa LINE IN kapena AUX, chifukwa pa bowo la maiki mawu amang'ambika, ndipo kung'ambikako n'kumene kumaotcha kasipika kakang'ono ka mawu oonda. Batani la MIC PRIORITY limatsitsa nyimbo wina akalankhula, zothandiza pa zolengeza, koma likaiwalika loyatsa kiyibodi imazimirira nthawi iliyonse woimba akatsegula pakamwa. Bluetooth nayo ili ndi msampha: foni yolumikizidwa ikaitana, mpingo wonse umamva, ndipo masipika ambiri amalola foni ya aliyense kulumikiza popanda nambala yachinsinsi. Nyimbo zikhale pa fulashi. Yatsani sipika anthu asanalowe, voliyumu ili pansi, popeza masipika ambiri amalonjera ndi liwu lachingerezi lokweza.

Ku mphakati, kapena kuti limana, sipikayi isapiteko. Maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a Katolika a kum'mawa kwa Africa, atagwirizana m'zaka za m'ma 1970 kuti miphakati ikhale maziko a Mpingo, cholinga chinali kagulu ka mabanja oyandikana, ochepa moti aliyense angathe kulankhula ndi kumveka. Maiki ikalowa pa bwalo lotere, kugawana Mawu kumasanduka ulaliki wa munthu mmodzi, ndipo mayi amene akanatchula vuto la kunyumba kwake kuti apemphereredwe amangoti chete poopa kuti mudzi wonse umva. N'chimodzimodzi ku milaga, ndiponso pokayendera odwala. Pa siwa napo pafunika nzeru: usiku ukakula voliyumu itsike, anamfedwa ndi oyandikana nawo apumeko.

Pogula, pitani awiri, mmodzi wa iwo wodziwako zamagetsi. Muuze wogulitsa aizule ku magetsi ndipo iyimbe pa batire kwa mphindi khumi. Yesani maiki iliyonse mukuyenda mpaka panja pa sitolo. Potokolani chopotokola chilichonse mukumvetsera ngati chikukhetheza. Lisiti lilembedwe m'dzina la tchalitchi, ndi masiku a chitsimikizo olembedwa pomwepo.

Ikafika kwanu, komiti isankhe wosunga mmodzi ndi womuthandiza, makamaka wokhala kumene kuli magetsi kapena sola. Pakhale kope lolembamo wotenga, tsiku, ndi zimene watenga: sipika, maiki zingati, tchaja, waya. Tchaja ndi maiki ndizo zimasowa kaye. Za kubwereketsa ku zinkhoswe ndi maukwati mugwirizane poyambirira, chifukwa kumeneko imaimbidwa mokweza mpaka batire kuuma, ndipo ngati mwalola, pakhale mtengo wolowa m'thumba la sipikayo. Msungichuma aziika padera ndalama ya batire latsopano pa zaka ziwiri zilizonse, ndi ya mabatire a maiki mwezi ndi mwezi. Posungira pakhale pouma, pamwamba, ndipo ikhale yophimbidwa, chifukwa bowo lotulukira besi ndi khomo la mbewa ndi mphemvu.