Muncie M20 yokonzedwanso yomwe ndaika mu Model A: ndi bho zedi, koma dziwani difu yanu kaye

Anzanga amene mumakonda magalimoto akale a ku America, makamaka inu amene mwakhala mukundifunsa ku WhatsApp kuti giyabokosi ija ya magiya anayi ya Muncie M20 yomwe ndaika mu Ford Model A yanga ikuyenda bwanji, yankho ndi ili: ikuyenda bwino kwambiri ndipo ndalama yanga sindikuyilira. Koma pali zinthu zoti mudziwe musanathamangire kukagula yanu chifukwa apa munthu ukhoza kutaya ndalama zambiri pa chinthu chabwinobwino chomwe sichikugwirizana ndi galimoto yako.

Galimoto yake ndi Ford Model A ya 1931, injini ndi Chevy 327, kumbuyo kuli difu (magiya omwe amapereka mphamvu ku mateyala akumbuyo) ya Ford 9-inch ya 3.50, kutanthauza kuti shafti izungulira katatu ndi theka kuti mateyala azungulire kamodzi. Cholinga changa kuyambira pachiyambi chinali choti izioneka komanso kumveka ngati hot rod (galimoto yakale yoikidwa injini yamphamvu kuti izithamanga) yomwe mnyamata wina akanaimanga m'galaja ya kwawo cha m'ma 1966, nde chilichonse cholowa m'menemo chikhale choti nthawi imeneyo chinkapezeka. Ichi n'chifukwa chake sindinaganizeko za 5-speed za masiku ano ngati Tremec, kapena T5 ya mu pikapu ya Chevy S-10 yomwe anthu ambiri amaibisa pansi pa ma rod awo. Sindikunyoza, zimayenda bwino ndipo zili ndi overdrive (giya yapamwamba yochepetsa kuzungulira kwa injini ukamathamanga), koma imeneyo ndi galimoto ina.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe ndinasankhira Muncie tibwerere m'mbuyo pang'ono, poti giyabokosi iliyonse ili ndi nyengo yake ndipo odziwa akangosuzumira pansi amadziwiratu kuti apa mwasakaniza zaka. Anyamata a m'ma 1940 ndi koyambirira kwa ma 1950 amene ankathamangitsa flathead V8, injini yakale ya Ford, ankasakasaka 3-speed ya Ford ya 1939. Chifukwa chake n'choti chimenecho chinali chaka chomaliza chomwe Ford inaika ndodo ya giya pansi m'magalimoto ake ang'onoang'ono, pofika 1940 ndodo inasamukira pa chiwongolero. M'kati mwake ankachotsamo magiya ake n'kuikamo a Lincoln Zephyr kuti wani ndi thuu zizikoka nthawi yayitali usanasinthe. Wani wake analibe synchro (kachitsulo kothandiza giya kulowa popanda kukukuta), ukafuna kulowa wani galimoto ikuyenda umayenera kuponda klatchi kawiri, amene munaphunzira pa malole akale kumudzi mukudziwa zomwe ndikunena. Kenako injini zitayamba kukula, za Cadillac ndi Oldsmobile za 1949 zija, bokosi la Ford linayamba kuthyoka mano, anthu n'kuthamangira ku 3-speed ya LaSalle ya 1937 yomwe inali yolimba koopsa. 4-speed inabwera mochedwa, Borg-Warner T-10 inalowa mu Corvette mu 1957, nde Muncie inatulukira mu 1963 n'kukhala mpaka 1974. Mu 1964 Ford inatulutsa Toploader yake ya 4-speed, Chrysler nayo A833. Ndiye ngati mukumanga flathead ya sitayilo ya 1950 Muncie si yanu, sakani ya 1939 ija. Koma pa 327, injini yomwe inayamba mu 1962, Muncie ndi pakwawo penipeni.

Chomwe chimandisangalatsa ine monga munthu wokhala kuno ku Indiana n'choti dzinalo ndi la tauni ya konkuno. Fakitale ya Chevrolet yomwe inkapanga magiyabokosi amenewa inali ku Muncie, ndipo Warner Gear omwe ankapanga T-10 analinso mu tauni yomweyo. Mafakitale onse awiri anatsekedwa kale, koma madala ambiri odziwa zitsulo zimenezi alipobe m'dera lino ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene anandikonzera yangayi.

Shopu yake ndi kagalaja kakang'ono kuseri kwa nyumba, dzina sinditchula. Mwini wake ndi bambo achikulire, tsitsi lonse mbuu, amagwira okha ndi mdzukulu wawo. Nditafika ndinafunsa za M21 ndi M22, mitundu ina ya Muncie yomweyo, poti ndi zomwe zimatchuka, iwo asanayankhe kalikonse anandifunsa kuti difu yako ndi yanji, mateyala akumbuyo ndi aatali bwanji, ndipo galimotoyo uzikayenda nayo kuti, mu tauni kapena ku drag strip (msewu wowongoka wochitira mpikisano wa liwiro)? Apa mpamene ndinadziwa kuti ndafika pamalo oyenera, wogulitsa wongofuna ndalama akanangonditengera yodula kwambiri basi. Anatenga pensulo n'kulemba pa katoni ya ma bearing manambala osonyeza kuti pa giya iliyonse injini izungulira kangati kuti shafti yotuluka mu giyabokosi izungulire kamodzi. M21 ndi M22 wani wake ndi 2.20, thuu 1.64, fili 1.28, folo 1.00. M20 ya kuyambira 1966 wani ndi 2.52, thuu 1.88, fili 1.46, folo 1.00 yomweyo. Ukachulukitsa wani ndi difu ya 3.50, M21 ikupatsa 7.7 pomwe M20 ikupatsa 8.8, ndipo kusiyana kumeneko umakumva pa loboti iliyonse, ndi 7.7 umayenera kuwotcha klatchi pang'ono kuti unyamuke bwino makamaka ngati kamu ya injini (shafti yotsegula mavavu) ndi yaukali. M21 inapangidwira magalimoto a difu ngati 3.70 kapena 4.11. Nde anati mwana wanga tenga M20, dzina silikoka galimoto.

Za M22 ija amaitcha Rock Crusher anandionetsa giya yake pambali pa ya M20 kuti ndione ndekha. Mano a M22 ndi opendekeka pang'ono chabe, atsala pang'ono kuwongoka, n'chifukwa chake ndi yolimba komanso n'chifukwa chake imalira ngati chigayo ukakhala pa wani ndi thuu. Ena amalikonda phokosolo ndipo ndimawamvetsa, koma zenizeni za nthawi imeneyo n'zochepa, mtengo wake ndi wokwera, ndipo zambiri zomwe zimagulitsidwa ngati M22 ndi mabokosi wamba omwe angoikamo magiya atsopano.

Apa ndikupatseni zomwe anandiphunzitsa za kuzindikira kuti chomwe akukugulitsa ndi Muncie yeniyeni, chifukwa pa ma swap meet, misika ya zipangizo zakale za magalimoto, anthu amaberedwa. Bokosi lake ndi la aluminiyamu, chivundikiro cha m'mbali chili ndi mabawuti 7, ndipo kachitsulo kolowetsera rivesi kamakhala kumchira osati pa chivundikiro. Mukaona mabawuti 9 imeneyo ndi T-10. Mukaona mabawuti 7 koma bokosi ndi la chitsulo cholemera ndipo tizitsulo tonse titatu tolowetsera magiya tili pa chivundikiro, imeneyo ndi Saginaw, si yoipa ayi koma si yoti mulipire mtengo wa Muncie. Kenako yang'anani shafti yakutsogolo yolowa mu klatchi, yanga ili ndi mano 10 ndi timizere tiwiri tozungulira kusonyeza M20, kamzere kamodzi ndi M21, koma anandichenjeza kuti timizereto musatikhulupirire kwambiri poti pazaka zonsezi anthu asinthasintha mashafti, njira yotsimikiza ndi kulowetsa wani n'kuzungulitsa ndi dzanja uku ukuwerenga.

Ntchito yomwe anagwira ndiyomwe yandipangitsa kulemba zonsezi. Anaphwasula yonse ine ndikuona, n'kuyala zitsulo pa thebulo mwa ndondomeko yake. Ma synchro a mkuwa onse atsopano, ma bearing atsopano, masiili ndi magasiketi atsopano, giya ya thuu anaisintha poti timano take tolumira tinali titaperepeseka, ndi timeneto timapangitsa giya kudumpha yokha ukachotsa phazi pa mafuta. Koma pomwe ndinawapatsa ulemu ndi pa bowo lakutsogolo lomwe pini ya countershaft (shafti yachiwiri ya magiya m'bokosimo) imakhalamo. Pa Muncie zakale bowo limeneli limakula pang'onopang'ono poti aluminiyamu ndi yofewa, oyilo n'kuyamba kudonthera mu bellhousing (chibokosi chomwe klatchi imakhalamo), ena amangomata silikoni n'kukugulitsa. Iwo analiboola bwinobwino n'kuikamo bushing (kamphete kachitsulo) kuti pini ilowe mothina ngati kale. Yanga ndi ya pini ya inchi imodzi, za 1963 mpaka 1965 zinali ndi ya 7/8, ndipo pogula zipangizo muyenera kudziwa kuti yanu ndi iti apo ayi mugula zosalowa.

Pamsewu nde eeh. Ndinaiphatikiza ndi shifter (ndodo yosinthira magiya ndi zitsulo zake) ya Hurst Competition Plus, yomwe ndi ya nyengo yomweyo, Pontiac GTO ya 1964 inkatuluka ku fakitale ndi ndodo ya Hurst. Kuchoka wani kupita thuu ndi kakoka kafupi, kolimba, umamva chitsulo chikulowa m'malo mwake kuti khotyo, palibe kufufuzafufuza. Thuu kupita fili ndi pomwe ndimasangalala kwambiri, sipuling'i ya mu shifter imakankhira yokha ndodo pa mzere wake nde umangokankha kutsogolo ndi chikhatho. Ife tinaphunzira kuyendetsa kumudzi timasintha magiya ndi dzanja lamanzere, kuno ndi lamanja, ndipo poti magalimoto pafupifupi onse kuno ndi otomatiki dzanjalo limakhala lisanazolowere, koma silichedwa. M'mawa kukazizira, ndipo Indiana kumazizira zosachezera, thuu amalimbako mpaka oyilo atenthe, zimenezi n'zachibadwa chake musadandaule nazo. Oyilo anandiuza kuti ndiziika wa GL-4 chifukwa cha ma synchro a mkuwa aja. Rivesi ilibe synchro, imani kaye galimoto iime nji, lowetsani wani kenako rivesi, mukatero simumva kukukuta.

Kutchuna shifter musachite mwaulesi. Pansi pake pali kabowo komwe mumalowetsa kachitsulo ka kota inchi kuti tizitsulo tonse tikhale pa nyutulo, nde mumatchuna ndodo zitatu zija imodziimodzi mpaka iliyonse ilowe yokha popanda kukakamiza. Anthu ambiri amene amadandaula kuti Muncie yawo ndi yolimba vuto limakhala pamenepa kapena klatchi yosamasula bwino, osati m'bokosimo.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse. Choyamba ndi nthawi, bambowa sathamanga ndipo tsiku lomwe anandilonjeza linadutsa kutalitali, foni sayankha kawirikawiri, umayenera kupita wekha kukaona kuti zafika pati. Kwa munthu wogwira mashifiti ngati ambirife kuno zimenezi n'zotopetsa. Chachiwiri giya ya spidomita yomwe anaikamo sinali yogwirizana ndi difu ndi mateyala anga ngakhale manambala onse ndinawapatsa pachiyambi pomwe, singano inkanama kwambiri mpaka ndinabwerera kuti asinthe. Anasintha osandilipiritsa, komanso gasiketi ya chivundikiro cha m'mbali yomwe inkachita thukuta la oyilo anaikonzanso tsiku lomwelo ulere, koma ulendowo ukanapeweka. Chitsimikizo cha papepala sapereka, ndi mawu apakamwa basi, kwa ine mawuwo anawasunga koma ndikudziwa kuti ena sangagone tulo ndi zoterozo pa ndalama yochuluka chonchi.

Chinanso si vuto la shopu, ndi mmene giyabokosiyi ilili. Folo ndi 1.00, palibe overdrive, nde pa highway ukamayenda 70 mph ndi difu ya 3.50 ndi mateyala a mainchi 28 injini imakhala pafupifupi pa 3,000 rpm nthawi yonse. Mu Model A yopanda zotchinga phokoso kucheza ndi mnzako kumavuta ndipo mafuta amapita. Ngati maloto anu ndi oyenda maulendo ataliatali kudutsa ma state angapo chilimwe chilichonse, kunena zoona mudzasangalala kwambiri ndi 5-speed ndipo palibe angakudzudzuleni. Komanso Model A ndi yopapatiza, ndodo za shifter zimadutsa mbali ya dalaivala nde pansi ndinachita kudula n'kupanga kachivundikiro katsopano, malo a phazi la mafuta anachepa, amene muli ndi phazi lalikulu yezani kaye musanawotcherere chilichonse.

Ngati mukumanga ya sitayilo ya m'ma 1960 ndi injini ya Chevy ndipo difu yanu ili pakati pa 3.08 ndi 3.55, M20 yokonzedwa ndi munthu wodziwa ndikuivomereza ndi mtima wonse. Ngati difu ndi 3.70 kupita m'mwamba funsani za M21. Popita kwa wokonza tengani manambala a difu ndi mateyala mutalemba papepala, funsani kuti bowo la countershaft alichita bwanji, ndipo akakana kukutsegulirani chivundikiro kuti muone magiya ndi maso anu nyamukani mukasake kwina.